Switch Yanu Isathere pa Mpira Wokha

Funsani mnyamata aliyense pa Chitakale, pa Limbuli kapena pa Luchenza kuti amamenya gemu yanji, ayankha kuti FIFA. Wina awonjezerapo GTA kapena Mortal Kombat, nkhani n'kuthera pomwepo. Anawa sanalakwe. Anakulira m'tizipinda ta PlayStation tam'misika tija, momwe umalipira kuti umenye mpira umodzi, ukagonja n'kupereka padi kwa amene ali pamzere. Chimene chimandiwawa n'chakuti ngakhale anthu ochepa amene ali ndi Nintendo Switch m'nyumba, kamakina kamene nthawi zambiri kamabwera m'chikwama cha mbale wochokera ku Joni, amangopitiriza mwambo womwewo. Kamakina kodula chonchi kamatha chaka kakungoonetsa mpira, kenako mwini wake n'kumadandaula kuti n'kofooka, bola akanagula PlayStation. Ine ndikukana. Magemu amene amakayenera kamakina aka, amenenso amagwirizana ndi moyo wathu kuno kunsi kwa phiri, ndi ang'onoang'ono amene sitiwatchula n'komwe.

Switch inatuluka mu March 2017, ndipo nzeru yake ndi yakuti mukhoza kuilumikiza ku TV banja lonse n'kumaonera, magetsi akathima n'kuizula pomwepo gemu ikupitirira m'manja. Imatchajidwa ndi chingwe cha USB-C, kotero pawabanki yamphamvu kapena sola yapakhomo imaipulumutsa. Eni ake a Nintendo amati mtundu umene unatuluka mu 2019 umakhala maola 4.5 mpaka 9 moto usanathe, kutengera kulemera kwa gemu: yolemera imamwa batire msanga, yopepuka imakufikitsani usiku. Amene akukumbukira mdima wa 2022, namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi ku Kapichira, akudziwa kuti makina odalira soketi anangokhala zokongoletsa pabalaza. Kuno gemu yabwino ndi imene imapirira mdima, imene simafuna intaneti tsiku ndi tsiku, ndiponso imene simameza bandulo yamwezi wathunthu poitsitsa.

Mpira umalephera mayeso onsewa. Kuyambira FIFA 20 mpaka FIFA 23, eni Switch ankagula mtundu wotchedwa Legacy Edition, womwe kaseweredwe kake sikankasintha chaka ndi chaka. Chatsopano chinali mayina a osewera ndi mayunifomu. Itabwera EA Sports FC 24, imene inalowa m'malo mwa FIFA, mu 2023 zinthu zinakhalako bwino, koma gemuyo imafuna malo pafupifupi magigabayiti 30 pamene Switch wamba ili ndi 32 okha. Ndiye mugule memori khadi, mugule bandulo, mudikire netiweki ya usiku. Magemu akuluakulu otere amagulidwa madola pafupifupi 60 akangotuluka, ndipo chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, dola iliyonse imaluma.

Ndalama yochepa kwambiri, madola 8 okha, imagula A Short Hike, gemu imene ndimafuna mwana aliyense wa ku Mulanje ataisewera. Anaipanga ndi mnyamata wa ku Canada, Adam Robinson-Yu, inatuluka mu 2019 n'kufika pa Switch mu 2020. Mumasewera ngati kambalame kotchedwa Claire, kamene kapita kukacheza kwa azakhali ake kumalo osungirako zachilengedwe. Claire akudikira foni yofunika kwambiri koma pamalopo palibe netiweki, ndipo azakhali amuuza kuti netiweki imapezeka pamwamba pa phiri la Hawk Peak pokha. Nkhani yonse ndi imeneyo. Munthu wa ku Canada mwina amaiona ngati nthano yoseketsa, koma ife amene tinaimapo pachulu, foni ili m'mwamba, kudikira uthenga wochokera kuchipatala kapena kwa mbale wa ku Joni, timaumva msanga mtima wa kambalameko.

Palibe amene amakuthamangitsani pa ulendowo. Mukhoza kulunjika kunsonga, kapena kupatuka kukawedza nsomba, kuthandiza wina kufuna chimene wataya, kuchita mpikisano wothamanga ndi mnzanu amene mwakumana naye panjira. Mumatolera nthenga zagolide zimene zimakupatsani mphamvu yokwera matanthwe ndi kuuluka. Mukayandikira kumwamba kumazizira, nthengazo zimayamba kuuma imodziimodzi, ndiye mumafunika kuwerengera bwino mtunda wotsala ndi kufuna pothawira chisanu. Aliyense amene anagonapo m'tinyumba ta paphiri la Mulanje mu June, kapena amene anaonapo anyamata onyamula katundu akunyamuka pa Likhubula m'mamawa, adziwa kuti amene anapanga gemuyi anakwerapo phiri ndi miyendo yake. Sapitwa ndi mamita 3,002, ndipo ambiri amene tinabadwira m'munsi mwake sitinafikeko, timasiyira alendo. Gemu ya maola awiri yokha sikukwezani phiri, koma imadzutsa chilakolako, ndipo ndinamva ndi makutu anga mwana wa achemwali anga, atangoimaliza, akufunsa kuti, "Amalume, kodi ku Dziwe la Nkhalamba n'kutali?" Mpira sunamufunsitsepo funso lotere. Gemuyi inapambana mphoto yaikulu pa Independent Games Festival mu 2020, koma m'tizipinda tathu ta magemu simudzaimva.

Imene ndimaikonda koposa ndi Sakuna: Of Rice and Ruin, yochokera ku Japan, ya mu November 2020. Sakuna ndi mulungu wamkazi wamng'ono, waulesi ndi wodzikonda, mwana wa mulungu wankhondo ndi mulungu wa zokolola. Atapalamula amathamangitsidwa kupita kuchilumba cha ziwanda limodzi ndi anthu ochepa osauka. Masana amamenyana ndi zilombo, zida zake khasu ndi chikwakwa. Koma mphamvu zake sizikula chifukwa chopha adani ambiri monga zimakhalira m'magemu ena. Zimakula ndi mpunga umene wakolola. Mukalima mosasamala, chaka chimenecho mukhala wofooka kunkhondo.

Ulimi wake si wongodina batani. Mumasankha mbewu poiviika m'madzi amatope kapena amchere, zoyandama n'kutaya. Mumagawula munda n'kuchotsa miyala. Mumawokera mbande imodziimodzi, ndipo mukathithikanitsa mpunga umachuluka koma umadwala n'kutsika ubwino wake. Mumatsegula ndi kutseka ngalande, kuyang'ana madzi pa akakolo a Sakuna kuti mudziwe kuya kwake. Mumazula udzu, mumagwira achule ndi akangaude kuti akudyereni tizilombo, pambuyo pake mumaweta abakha. Manyowa mumapanga nokha kuchokera kuchimbudzi, kusakaniza ndi zotsala za chakudya ndi zina zotola kutchire. Mukamweta mumayanika pathandala, mvula ikagwa mumadandaula, kenako kupuntha ndi kusinja mumtondo, ndipo muyenera kusankha kuti musinje pang'ono mudye wofiirira kapena mulimbikire mpaka uyere. Madzulo onse amakhala pansi kudyera limodzi, akukambirana za tsikulo. Ku Japan osewera ena anafika pomawerenga malangizo a unduna wa zamalimidwe wa dziko lawo kuti akolole bwino m'gemu.

Tsiku lina tinailumikiza ku TV mayi anga ali pamkeka akusankha nandolo. Iwo anakulira m'madambo olima mpunga chakumpoto kwa phiri, ndipo magemu amawatcha zoseweretsa za ana. Anakhala chete nthawi yaitali, maso akuponya pa TV mwa apo ndi apo. Mdzukulu wawo atayamba kuwokera anaika lichero pansi. "Iwe, mbandezo wazipanikiza. Taya mpata, mpunga umafuna mphepo." Mwanayo anati, "Agogo, ndi gemu chabe." Iwo anati, "Gemu yomweyo, madziwonso achuluka, phungula." Anamvera, ndipo pokolola gemu inawavomereza agogo. Usiku umenewo mwana amene amathawa khasu anafunsa mafunso ambiri a ulimi kuposa amene anafunsapo chibadwire: chifukwa chiyani mbewu yoyandama ndi yoipa, manyowa a Mbeya amapangidwa bwanji, Kilombero wa ku Karonga amanunkhira chifukwa chiyani.

Ndikudziwa chimene ena anene: tili ndi minda yeniyeni imene ikusowa olima, ndiye tikalimenso pagalasi? Funsoli n'lolemera ndipo sindilipeputsa. Sakuna siphunzitsa munthu kulima ku Malawi. Nyengo zake ndi za ku Japan, zinayi, kuphatikizapo ya chipale chofewa, ndipo chaka chake chimatha m'masiku 12 a m'gemu. Nkhondo zakenso zimabwerezabwereza mukafika pakati. Koma taganizani zimene mwana wakuno amamva zokhudza ulimi. Kusukulu kulima ndi chilango cha wochedwa. Kunyumba timamuuza kuti akalephera mayeso adzathera kumunda kapena kothyola tiyi ku esiteti. Pa TV wolemekezeka ndi wampira ndi woimba. Ndiye pakubwera gemu yokongola, yopangidwa m'dziko lolemera, imene ikunena kuti mphamvu za mulungu zimachokera m'munda ndipo wodziwa kuya kwa madzi ndiye katswiri. Uthenga umenewu ana athu saupeza kwina kulikonse pagalasi, ndipo ine ndimaufuna m'nyumba mwanga.

Kwa akuluakulu amene amati magemu ndi phokoso ndi kuthamanga kwa zala, ndimawapatsa Into the Breach ya mu 2018. Bwalo lake ndi la timabokosi 8 m'litali ndi 8 m'lifupi. Muli ndi makina ankhondo atatu, adani ndi zilombo zikuluzikulu zotuluka pansi, ndipo ntchito yanu ndi kuteteza nyumba za anthu chifukwa ndi zimene zimapereka magetsi ku makina anuwo. Chodabwitsa n'chakuti mdani amakuonetsani pomwe amenye asanamenye. Palibe chobisika. Inu mumakhala ndi mpata umodzi woti mukonze zinthu: kumukankha kuti nkhonya yake igwere mnzake, kumugwetsera m'madzi, kapena kuimika makina anu kutsogolo kwa nyumba kuti alandire chibakeracho. Nthawi zambiri kupha mdani si yankho labwino. Nkhondo imodzi imatha m'maulendo anayi kapena asanu, ndipo kubweza ulendo umene mwalakwitsa amakulolani kamodzi kokha.

Amene amamenya bawo pansi pa mtengo pamsika aidziwa nthawi yomweyo. Nkhomo zonse zili poyera, maenje onse 32 akuoneka, koma katswiri amakhala chete dzanja lili m'mwamba, akuwerenga m'mutu kumene kutakata kwake kukathere. Into the Breach imafuna mtima womwewo. Ndakhalapo ndikuyang'ana bwalo limodzi mpaka tiyi kuzizira, ndikuona ngati nyumba iwiri zapita basi, kenako n'kutulukira kuti kukankha chilombo chimodzi bokosi limodzi kukupulumutsa zonse. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Gemuyi ndi yopepuka pa batire, simafuna intaneti, mtengo wake ndi madola 15, ndipo mu 2022 eni ake anawonjezera makina ndi adani atsopano kwaulere. Ndi gemu ya nyengo ya chiperoni, pamene kunja kuli nkhungu ndi mvula yowaza ndipo palibe kopita.

Ana aang'ono apatseni Alba: A Wildlife Adventure. Kamtsikana kapita kwa agogo ake pachilumba cha ku Spain, kakujambula mbalame ndi foni n'kumaphunzira mayina ake, kakutola zinyalala, kenako kakumva kuti akuluakulu akufuna kumanga hotela pamalo osungirako zachilengedwe ndipo kayamba kuyenda khomo ndi khomo kusonkhetsa masiginecha. Mulibe mfuti, mulibe kufa. Ife tili ndi mkungudza wa Mulanje, mtengo wa fuko lathu kuyambira 1984, umene kafukufuku wa mu 2017 anapeza kuti ikuluikulu yatsala 7 yokha paphiri lonse. Tili ndi kambalame kotchedwa Thyolo alethe, kamene dziko lonse limakadziwa ndi dzina la boma lathu pamene nkhalango yake paphiri la Thyolo inatha ndi nkhwangwa. Mwana amene wazolowera kufunsa dzina la mbalame m'gemu amayamba kufunsanso za imene ikulira kuseri kwa nyumba.

Pali chinthu chimodzi chimene mpira umapambana nacho, ndipo ndikuchivomereza: umasonkhanitsa anthu. Phokoso la anyamata asanu pa TV imodzi, kunyozana, kubwezerana, zimenezo n'zokoma ndipo A Short Hike singakupatseni. Sindikunena kuti mufufute mpira. Koma Switch ili ndi timapadi tiwiri tochotseka, ndipo alipo magemu a anthu awiri amene safuna kuti wina agonje. Mu Snipperclips, imene inatuluka limodzi ndi makinawa mu 2017, aliyense ndi kapepala, ndipo mumadulana ndi kusemana mpaka mupange chida chonyamulira mpira kapena chobowolera baluni. Simungapambane osalankhulana. Mtsikana amene anyamata samupatsa padi pa FIFA amapeza malo pamenepa, ndipo kawirikawiri ndi iye amene amaona yankho.

Makolo amene amaopa kuti magemu adya nthawi ya sukulu ali ndi chifukwa. Koma asiyanitse. Magemu ena anapangidwa kuti asathe, kuti mwana azibwerera tsiku lililonse ndi kumagula mapaketi a osewera osadziwa chimene chili mkati. Dziko la Belgium linagamula mu 2018 kuti malonda otere ndi juga, ndipo chaka chotsatira kampani yopanga gemu ya FIFA inasiya kugulitsa mapointi ake kumeneko. Kuno kumene nyumba za kubetcha zadzaza m'matauni ndipo anyamata amabetcha pafoni ndalama ya ndiwo, sindikufuna mwana aphunzire kukoma kwa mwayi ali ndi zaka khumi. Magemu amene ndatchulawa mumagula kamodzi, sakupemphaninso kanthu, ndipo ambiri amafika pamapeto n'kukutsanzikani. Chingerezi chake cha A Short Hike ndi Alba n'chosavuta, mwana wa Sitandade 6 amatha kuchitsata ndipo amatolapo mawu. Cha Sakuna n'chochuluka, chimafuna wamkulu pafupi.

Chimene chimandisowetsa tulo kwenikweni ndi kuona amene anapanga magemu amenewa. A Short Hike ndi ntchito ya munthu mmodzi ndi mnzake woimba nyimbo. Into the Breach anayambitsa ndi anthu awiri, Justin Ma ndi Matthew Davis. Sakuna inachokera ku kagulu kotchedwa Edelweiss, komwe mitu yake ndi anthu awiri, ndipo anaigwira zaka zoposa zisanu. Pafupi nafe pomwepa, ku Johannesburg, Ben Myres ndi Cukia Kimani anayamba gemu yotchedwa Semblance ngati ntchito ya kusukulu ku yunivesite ya Witwatersrand. M'gemu imeneyo nthaka ndi yofewa, mumaiumba ndi thupi lanu kuti mupange pokwera. Inatuluka mu 2018 n'kukhala gemu yoyamba yopangidwa ku South Africa kufika pa makina a Nintendo. Mu 2024 kunabwera Tales of Kenzera: Zau, ya Abubakar Salim, wazisudzo wa ku Britain amene makolo ake ndi a ku Kenya. Anaipanga polira bambo ake. Mnyamata Zau amapangana ndi Kalunga, mulungu wa imfa, kuti amubwezere bambo ake, ndipo gemu yonse mukhoza kuimvera m'Chiswahili. Pa Switch zithunzi zake sizowala ngati pa makina aakulu, koma kumva chilankhulo cha kwathu kuno chikutuluka m'kamakina ka ku Japan kumasisimutsa thupi. Sinagulidwe mokwanira, ndipo miyezi yochepa itatuluka kampani yake inachotsa antchito ena. Ife amene timadandaula kuti nkhani za Africa sizioneka m'magemu tinali kuti?

Mnyamata amene amangodziwa FIFA amaganiza kuti gemu imapangidwa ndi anthu mazanamazana ndi ndalama zosawerengeka, ndiye samalota n'komwe. Amene wasewera A Short Hike amaona kuti munthu mmodzi wa laputopu akhoza. Ku Ndata m'boma la Thyolo kuli yunivesite ya MUST, imene inatsegulidwa mu 2014, ndipo muli ana athu amene akuphunzira za makompyuta. Nkhani zopangira magemu sizikusowa: mpikisano wa onyamula katundu paphiri, nthano za mizimu ya ku Sapitwa imene imasiyira alendo chakudya, moyo wa wakabaza pakati pa Muloza ndi Limbuli tsiku la msika. Nintendo inatulutsa mu 2020 gemu yotchedwa Clubhouse Games yokhala ndi masewera 51 a padziko lonse, ndipo muli mancala, mtundu wa bawo wa mizere iwiri. Bawo wathu wa mizere inayi, wokhala ndi nyumba ndi malamulo ake ozama, mulibe. Sadzamuikamo ndi munthu wa ku Kyoto, kwawo kwa Nintendo.

Kapezedwe kake si kovuta monga anthu amaganizira. Switch simasankha dziko, kakhadi ka gemu kogulidwa kulikonse kamagwira. Sakuna ndi yaikulupo, choncho ndi bwino kuitanitsa ya kakhadi kusiyana ndi kuitsitsa. Zing'onozing'onozi zimapezeka m'sitolo ya pa intaneti ya Nintendo, ndipo ya ku South Africa imagulitsa m'ma rand. Mbale wa ku Joni akhoza kugula khadi yolipiriratu n'kukutumizirani nambala pa WhatsApp, bola akaunti yanu ikhale ya dziko lomwelo. Mitengo imatsitsidwa kangapo pachaka, ndiye osathamanga. Mukatsitsa gemu pa makina anu, mumatha kuisewera popanda intaneti. Chitulukireni Switch 2 mu June 2025 ambiri kunja akugulitsa zakale zawo, koma pogula yogwiritsidwapo kale ntchito yesani timitengo towongolera, chifukwa tikatopa munthu wa m'gemu amayamba kuyenda yekha musanamukhudze. Ngati ndalama ikukwana gemu imodzi yokha ndipo m'nyumba muli ana, yambani ndi A Short Hike. Ngati ndi yanu nokha, tengani Into the Breach, chifukwa bwalo lake limasintha ulendo uliwonse ndipo idzakufikitsani dzinja lamawa musanaitope.